Chipanda cha Adada

Tsiku lophunzitsa mwamuna kugwada limayenera kukhala la chiseko, ndipo kwa Damaris Goma linayambadi motero. Linali Lachisanu masana, Sepitembala wa 1996, dzuwa la ku Chama likuwotcha ngati lakwiyira anthu. Mtsikanayo atangoweruka ku ofesi ya boma kumene ankatayipa makalata, analunjika kunyumba za aphunzitsi, chifukwa mawa lake Cyprian Mulenga amapita ku Kambombo kukaonekera kwa makolo a Damaris. Thenga, munthu wonyamula mawu a ukwati, anali atayenda kale maulendo ake. Chotsala chinali nkhope ya mwini nkhani.

“Osati choncho iwe! Ukugwada ngati wataya singano,” Damaris anatero akuseka. “Bondo pansi, manja uwombe mwaulemu, maso usawadzutse.”

“Kwathu ku Kabwe ine ndimangopereka dzanja basi.”

“Kuno si ku Kabwe, aphunzitsi. Adada ukawapatsa dzanja adzaliyang’ana ngati nsomba yadzana.”

Cyprian anagwadanso pakhondepo, thalauza lonse fumbi lokhalokha, ndipo Damaris anaona kuti mwamuna ameneyu amamukonda mpaka mtima kuwawa. Mphunzitsi wa sayansi, munthu woti anawoloka nyanja, akudziviika m’fumbi chifukwa cha mwana wa mlimi!

“Manje chomaliza ndi chipanda,” iye anapitiriza. “Afulula mowa wa mawere. Adada adzatunga, adzamwako iwo poyamba kuti aliyense aone kuti mulibe choipa, kenako adzakupatsa. Ulandire ndi manja awiri. Ukamwa ndiye kuti walowa m’banja.”

Cyprian sanadzuke. Anangokhala pansi pomwepo, chiseko chonse chitabalalika.

“Chimenecho sindingathe, Damaris.”

“Aa, kungonyowetsa milomo chabe. Ndikudziwa kuti sumwa, koma kamodzi kokha sikapha munthu.”

“Sunandifunsepo chifukwa chimene sindimwera.”

Zoonadi sanamufunsepo. Mkazi akapeza mwamuna wosamwa amangoyamika Mulungu, safufuza.

“Nditapita kunja kukaphunzira,” Cyprian anayamba, maso ali pansi, “ndinkathandiza m’chipinda china chofufuzira. Tinkaweta makoswe oyera. Khoswe aliyense tinkamuika timawaya tating’ono kwambiri m’mutu, tofika pa timaselo ta mu ubongo, kenako n’kulumikiza ku sipika. Kaselo kakagwira ntchito, sipika inkathetheka ngati chimanga chokazinga. M’bokosi mwake munali kachitsulo. Akakaponda, kababu kankayaka, mankhwala ozunguza bongo n’kulowa m’thupi mwake.”

“Ana a anthu, kuzunza makoswe chonchi? Manje zikukhudzana bwanji ndi adada?”

“Dikira. Patapita nthawi, timaselo tija tinkayamba kuthetheka asanaponde n’komwe, akangoyang’ana kachitsuloko. Ndiye tinkamumana mankhwalawo kwa nthawi yaitali, mpaka n’kuleka kuponda. Ankadya bwino, kunenepa, iwe n’kumati wachira. Koma tsiku lina ungoyatsa kababu kaja, kapena umupatse kadontho kamodzi. Damaris, sipika inkachita kulira. Khoswe ankathamangira kachitsulo n’kumaponda, kuponda, ngakhale palibe chikutuluka. Chakudya chili pambali, iye osachiona.”

Anadzutsa maso n’kumuyang’ana.

“Masana ndinkamvetsera makoswe, madzulo ndinkamwa ndekha m’chipinda chifukwa cha kuzizira ndi kusowa anzanga. Anandibweza kuno wopanda digiri. Ku Lusaka anthu ananditola m’ngalande, amayi anga n’kulira ngati ndafa. Ndinaleka mu 1991. Koma timaselo timeneto sitiiwala ayi, timangogona. Ndikalawa, ndikudziwa chimene chidzadzuke.”

Chisoni chinamugwira Damaris, koma mantha anaposa chisoni, chifukwa bambo ake ankawadziwa. Mkulu wake Barbara anabwerako ku ukwati mano akutsogolo atatsala kwa mwamuna chidakwa, ndipo a Hosea Goma analumbira pamaso pa mudzi kuti mwana wawo wina sadzapitanso kwa munthu wogonja ku mowa.

“Ndikawauze zoona,” Cyprian anatero. “Thenga akafotokoze bwinobwino.”

“Usayerekeze! Akangomva mawu oti ngalande, nkhani yathera pomwepo.”

“Ndiye ndikangokana mwaulemu.”

“Chipanda cha adada sichikanidwa.” Damaris anatsitsa mawu. “Ndili mwana, bambo wina anamwa mowa kwathu, n’kumwalira patapita masiku. Anthu anati adada anamuthirira. Mlandu unatha, anapezeka osalakwa, koma pakamwa pa anthu sipanatsekeke. Kuyambira pamenepo, wokana chipanda chawo ndiye kuti akuwanena kuti ndi mfiti.”

Kenako nzeru inamubwerera Damaris, mwa nzeru zija zimaoneka zokongola Lachisanu.

“Tikanena kuti mpingo wako umaletsa mowa. Za Mulungu adada sangatsutse.”

“Ine ndine Mkatolika, Damaris. Ngakhale abambo mfumu amalawa.”

“Ku Kambombo akukudziwa ndani? Ukakhale chete, zonse undisiyire.”

Cyprian anapukusa mutu, koma anavomera. Mwamuna akakonda amavomera ngakhale zimene akuona kuti n’zopusa.

* * *

Pobwerera Damaris anadzera pamsika kugula mchere ndi sopo zopita nazo kumudzi. Akuwerama posankha, anamva fungo la polishi wa nsapato, ndipo anadziwiratu mwini wake asanatembenuke.

Anali Eugene Zimba, wa gemu, mmodzi wa asilikali olondera nyama zakutchire. Kwawo kunali kutsidya kwa dambo kuchokera kwa a Goma, ndipo anakula akuuza aliyense kuti Damaris ndi wake. Atamufunsira n’kukanidwa, anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

“NyaGoma, ndamva kuti mawa kuli phwando. Ife a kumudzi simutiitana?”

“Si phwando, a Zimba. Ndi nkhani ya banja.”

“Banja ndife tomwe. Amama anga ndi amene anathandiza kusinja mawere.” Anatola mpukutu wa sopo n’kuununkhiza. “Koma anthu a m’tauni amadabwitsa. Munthu wamkulu, malipiro ali nawo, mowa osaukhudza ngakhale pa Khirisimasi. Ife kutchire timadziwa kuti nyama ikamazemba chitsime china, ndiye kuti inakumanapo ndi zina pamenepo.”

“Ndiye muzikafunsa nyamazo. Bwezani sopo wa eni.”

Damaris anachoka mutu uli m’mwamba.

* * *

Anafika ku Kambombo m’mamawa, alendo asanabwere, n’kukokera pambali ankhazi ake a Fridah, mlongo wa bambo ake. Anawauza za mpingo woletsa mowa.

A Fridah anamuyang’ana nthawi yaitali. “Mpingo wanji umenewo?”

“Wa kwawo ku Kabwe. Kuno kulibe.”

“Hmm. Mwana wa mlongo wanga, ine ndinakusambitsa uli kakhanda. Ukamanama khutu lako limagwedera.” Anapumira m’mwamba. “Ndikawauza adada ako. Koma ngati pali china, nena manje, dzuwa lisanakwere.”

Damaris anayang’ana kumbali. “Palibe, ankhazi.”

Alendo anafika pa njinga dzuwa litakwera, Cyprian ndi thenga wake, mphunzitsi mnzake wachikulire dzina lake a Gordon. Amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, akazi pamphasa chapatali. Cyprian anagwada bwino kwambiri mpaka amayi ena anagwedezana zigongono. Damaris anayamba kupuma. Kenako anaona yunifolomu yobiriwira kumapeto kwa mzere wa amuna, ndipo mpweya unamuthawanso.

Mtsuko unabwera, thovu likusefukira. A Hosea, munthu wamtali wosalankhula zambiri, anatunga chipanda, anamwa pang’onopang’ono anthu onse akuona, napukuta pakamwa. A Fridah anali atawauza kale, koma mwambo ndi mwambo: chipanda chimayenera kuperekedwa, chifukwa chake n’kunenedwa poyera. Anachitambasulira kwa Cyprian.

A Gordon anawomba m’manja. “Pepani adada. Mwana wanuyu mpingo wake sulola chakumwa chotere. Mtima wake walandira, pakamwa pokha ndi pamene pamangidwa.”

A Hosea anagwedeza mutu, dzanja n’kuyamba kubwerera. Zikanathera pomwepo.

“Pepani akuluakulu, ine ndine mwana,” Eugene anatero, akuwomba m’manja mwaulemu wonyanya. “Kungofuna kudziwa. Mpingo wake uti? Chifukwa aphunzitsiwa timapemphera nawo ku Katolika pa boma, ndipo amaimba kwaya kutsogolo. Kapena Akatolika aleka mowa mwezi uno ine ndili kutchire?”

Wina anaseka, n’kudzigwira pakamwa. Dzanja la a Hosea linaima m’malere.

“Ndi zoona zimenezi, aphunzitsi?”

Cyprian sanathe kunama pamaso pa munthu wamkulu. “Ndi zoona, adada. Ndine Mkatolika.”

A Hosea sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

“Ndamwa ine poyamba, nonse mwaona. Mawere ndi a m’munda mwanga, madzi atunga ndi akazi a pakhomo pano. Manje mlendo wabwera kudzapempha mwana wanga, koma wakonzeratu bodza loti asakhudze chipanda changa. Ndiye kuti za ine anamva. Anamuuza kuti kwa Goma ukamwa sudzuka.” Anamuyang’ana Cyprian m’maso. “Mwana wa mfiti mukumufuniranji, aphunzitsi?”

Damaris anafuna kuimirira n’kukuwa kuti bodzalo ndi lake. Koma akanati ndi lake, akanafunsidwa chifukwa, ndipo chifukwacho chinali ngalande ya ku Lusaka. Anakhala pamphasa ngati womangidwa, manja a ankhazi ake atamukanikiza pabondo.

Cyprian anatembenuka n’kumuyang’ana, mosemphana ndi mwambo wonse umene anamuphunzitsa. Maso ake ankafunsa kuti: ndinene? Ndipo Damaris, Mulungu amukhululukire, anapukusa mutu pang’ono.

Mwamunayo anayenda ndi mawondo, anatambasula manja awiri, nalandira chipanda. Sananyowetse milomo chabe ayi. Kuti pasatsale wokayika, anamwa mpaka pansi, n’kuchitembenuza kuti onse aone.

Nthungululu zinalira. A Hosea anamugwira paphewa, misozi ili m’maso, namutcha mkamwini. Amayi ake a Damaris anavina fumbi koboo. Pabwalo lonselo, amene sanasangalale anali awiri: Eugene, amene msampha wake unaoneka ngati waphonya, ndi mkwatibwi.

* * *

Anabwerera dzuwa litapendeka, a Gordon patsogolo, Damaris atakwera kumbuyo kwa njinga ya Cyprian. Poyamba mwamunayo analankhula kwambiri. Anaseka za mbuzi, anayamikira nkhuku imene anadya, anaimba ndi nyimbo ya kwaya. Damaris anali asanamumvepo akulankhula chonchi, ndipo sizinamukondweretse.

Atawoloka kamtsinje kouma Cyprian analeka nkhani ndi nyimbo zija. Malaya ake ananyowa kumsana.

“Cyprian, uli bwanji?”

“Ndili bwino.”

“Usandinamize.”

Cyprian anapitiriza kupalasa. “Ukudziwa chimene chikundiopsa? Mowa uja unali wokoma, Damaris. Zaka zonsezi ndimadziuza kuti ndinaiwala kukoma kwake. Manje m’mutu muno muli phokoso lokhalokha.”

Damaris anamukumbatira m’chiuno, osasamala za anthu a m’njira. “Ndikhululukire. Ndine ndakulowetsa m’zimenezi. Tiye ukagone kwa a Gordon, usakhale wekha.”

“Ndiwauze kuti chiyani? Kuti mkamwini wa a Goma akuopa chipanda chimodzi?” Anayesa kuseka. “Ndinapambana kale kamodzi. Pita ukapume, mawa tionana ku tchalitchi.”

Anamutsitsa pakhomo pa nyumba imene ankakhala ndi mnzake wa kuntchito. Damaris anaima n’kumayang’ana njinga ikupita. Pamphambano, njira ya kusukulu inali kumanja, ndipo njingayo inakhotera kumanja. Anayamika Mulungu mokweza.

* * *

Lamulungu kwaya inaimba popanda Cyprian. Damaris anathamangira kunyumba kwake, anagogoda mpaka zala kuwawa, koma mawu anatuluka mkati oti mutu ukumupweteka, abwere mawa. Lolemba chitseko chinali chokhoma, mkati mulibe munthu. Lachiwiri masana a Gordon anabwera okha ku ofesi, chipewa chili m’manja.

“Mwana wanga, mnzathu sanaoneke kusukulu. Ahedi ndawauza kuti ndi malungo, koma malungo a mtundu umenewu sabisika nthawi yaitali. Njinga yake anthu aiona kuseri kwa msika, kwa Lena.”

Kwa Lena! Mu Chama monse munalibe wosadziwa mpanda wa bango umenewo, kumene kachasu amatchezedwa m’migolo ndipo amuna amalowa ndi miyendo iwiri n’kutuluka ndi inayi. Mkazi wodzilemekeza sankapondako. Damaris anavundikira makina ake otayipira, n’kupita.

Anamupeza atakhala pa benchi pansi pa kamsasa, malaya omwe aja a ku Kambombo, ndevu zitamera, kabotolo kali pakati pa mapazi. Amuna ena amene ankamwa pamenepo anasiya nkhani zawo. Lena, mayi wonenepa wa maso akuthwa, anaima ndi chikombe m’manja kuti aonere bwino.

“Cyprian, dzuka tizipita.”

Anadzutsa mutu. Manyazi amene anali m’maso mwake anamulasa Damaris kuposa fungo.

“Usandione chonchi. Chonde pita.”

“Sindichoka popanda iwe.”

“Ndinalimbana nazo, Damaris. Usiku wonse wa Loweruka, Lamulungu lonse. Ndinadzitsekera, kiyi n’kuponya pawindo. Kenako ndinatulukira pawindo pomwepo.” Anaseka, kuseka kwake n’kusanduka kulira. “Ndimadziwa dzina la kachigawo ka ubongo kamene kakuchita zimenezi. Ndikhoza kukujambulira pabolodi. Koma kudziwa sikuthandiza kanthu.”

Damaris anagwada m’fumbi lonunkha matsokwe, nachotsa botolo lija, n’kumugwira manja. “Unaleka kale, udzalekanso. Ndikakusunga kwa a Gordon, tikaonana ndi adokotala. Palibe wa kumudzi amene adzadziwe. Dzuka, wokondedwa.”

Cyprian anayesa kuimirira, atatsamira paphewa lake. Ndi pamene tambala analira pachipata.

Damaris anatembenuka. Mvula ikakuona litsiro sikata. Pachipata cha bango panaima a Hosea Goma, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, akukankha njinga. Pakaliyala anamangapo tambala wamkulu wofiira ndi kathumba ka mpunga, mphatso za mkamwini. Kumbuyo kwawo kunali Eugene, manja m’thumba.

“Ndinakumana nawo akufunsa nyumba ya aphunzitsi,” Eugene anatero mofatsa. “Ndinati ndiwaperekeze kumene akupezeka masiku ano.”

A Hosea anayang’ana mkamwini wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayang’ana botolo, ndi mwana wawo atagwira mwamuna woledzera masana dzuwa likuswa mtengo.

“NyaGoma, musiye ameneyo. Bwera kuno.”

“Adada, ndimvereni kaye.”

“Ndinamvera kale za Barbara. Mano a mwana mmodzi akwana.” Anatembenukira kwa Cyprian. “Inu aphunzitsi, munabwera pakhomo panga ngati munthu. Munanama za mpingo, ndinakhululuka. Kani mumabisa uchidakwa? Chinyengo chotere pa mwana wanga?”

“Ndalakwa, adada,” Cyprian anatero, lilime likulemera. “Mutengeni. Iye alibe mlandu.”

“Chidakwa ndi chidakwa, adada,” Eugene anathirira ndemanga. “Ngakhale chivale tayi.”

Apa Damaris magazi anamuwira. Masiku onsewa anakhala chete pamene amayenera kulankhula, ndipo tsopano analankhula pamene amayenera kuyamba waganiza.

“Si chidakwa! Munthu uyu anakhala zaka osakhudza dontho. Anafuna kukuuzani zoona, ndinamuletsa ndine. Za mpingo ndinapeka ndine. Anabwera kwathu ali bwinobwino, adada, wamoyo, wanzeru zake. Chamuwononga ndi chipanda chanu chija! Munamupatsa ndinu, ndi dzanja lanu!”

Mawu anatuluka onse, mokweza, pamaso pa anthu a kwa Lena, amene nkhani ikawalowa m’khutu imafika mpaka kutali ku Tembwe dzuwa lisanalowe. Damaris anawamva mawu akewo atatuluka kale, ndipo anadzigwira pakamwa.

“Mayo ine,” Lena ananong’ona, koma kunong’ona kwake kunamveka mpanda wonse. “Si a Goma a ku Kambombo awa? Manje wanena ndi mwana wawo yemwe.”

A Hosea sanagwedezeke. Nkhope yawo inangokalamba pomwepo. Anamasula tambala uja pang’onopang’ono, namuika pansi miyendo ili chimangire, kathumba ka mpunga pambali pake.

“Adada, sindimatanthauza zimenezo. Ndimati mowa, mowa wokha, osati...”

“A Zimba,” bambowo anatero osamuyang’ana, “mukauze thenga abwere adzatenge zonse zimene anabweretsa. Mudziwitsenso alongo anga a Fridah kuti akonze nyumba ya mtsikanayu. Loweruka akhale atafika kumudzi, adzabwereze mawu amenewa pamaso pa abale onse, kapena adzawabweze n’kumusiya munthu uyu mpaka kalekale. Akapanda kubwera, ine ndili ndi mwana wamkazi mmodzi.”

Anatembenuza njinga yawo n’kutuluka.

Damaris anaponya phazi kuti awathamangire. Pomwepo anamva kulemera kwa Cyprian kukuchoka paphewa lake. Mwamunayo anali atakhalanso pa benchi, misozi ikutsika, dzanja lake likufufuza pansi pamene panali botolo. Kunja belu la njinga ya bambo ake linkamveka likutalikira. Mtsikanayo anaima pakati pa chipata ndi benchi, kenako anawerama n’kugwira dzanja lija lisanafike pa botolo, ndipo sanalisiye ngakhale pamene belu linasiya kumveka.